Tebulo la Ireen ku Fakitale

Ku Nangongwe nkhani ya Ireen, mwana wa ba Evaristo Miti, saikamba mokweza. Amene amaidziwa bwino amati inayamba madzulo wamba a mwezi wa Juni, mphepo yozizira ikuchokera ku mtsinje.

Madzulo amenewo Ireen anasambitsa atate ake, anawadzoza mafuta kumsana, n'kuwagoneka pa matiresi pafupi ndi zenera. Amayi ake, ba Mainess, anali panja akukupiza mbaula.

"Aitana?" anafunsa ba Evaristo, pakamwa patapotoka.

"Sanaitane, atate. Gonani."

Funso limeneli linali la tsiku lililonse. Ba Evaristo anabwera ku Kafue kuchokera ku Petauke ali mnyamata, atamva kuti fakitale yopanga malata ikulemba anthu. Anagwira pamenepo mpaka imvi. Boma litayamba kugulitsa makampani, fakitale inagulidwa ndi anthu amene palibe anawaona nkhope, ndipo m'mawa wina anchito anapeza unyolo pa geti. Anauzidwa kuti abwerere kunyumba, adzaitanidwa makina akakonzedwa. Makinawo anatuluka usiku pa malole.

Ba Evaristo anakhulupirira mawu aja. Zaka zinapita iwo akusita ovolosi yawo Lamulungu lililonse. Anzawo ena anabwerera kumudzi, ena anakayesa za nsomba ku Chanyanya, ambiri anangomwalira mmodzimmodzi. Kenako sitiroko inawagwetsa. Mbali imodzi ya thupi inafa, miyendo inauma ngati nkhuni, ndipo kuchokera pamenepo ngakhale kutembenuka pogona kunkafuna munthu.

Ireen ndiye ankadyetsa nyumba. Anaphunzira kutaipa ku Lusaka, anayenda ndi mapepala ake m'maofesi mpaka nsapato zinang'ambika, osapeza kanthu. Nchito inadzamupeza pa intaneti. Kampani ina ya kutsidya kwa nyanja inkamutumizira mawu ojambulidwa, misonkhano ya anthu okamba za malonda awo m'Chingerezi, iye n'kumamvetsera pa mahedifoni ndi kulemba zonse zimene anena. Nchitoyo inkabwera usiku, kwawoko kukadali masana, ndipo inkafunika kubwezedwa kusanache. Bwana wake sanamuonepo. Sankadziwa ngakhale ngati ndi mwamuna kapena mkazi.

Kunyumba kunalibe kompyuta. Malo ogwirirapo anali mu fakitale ya atate ake momwemo. Munthu wina wa ku Kafue Estates, ba Cephas, anachita lendi chipinda chachikulu cha pamwamba, mmene kale munkakhala makalaliki. Anaikamo matebulo, makompyuta ogula akale, ndi mbale ya intaneti padenga. Aliyense ankalipira tebulo lake. Masana munkadzaza anthu oitanitsa magalimoto kunja, ofunsira malo a sukulu, ndi ena ongofuna kuoneka ngati ali ndi ofesi. Usiku munkatsala anthu awiri okha, Ireen ndi ba Daliso, bambo wa ana atatu, dikoni wa ku tchalitchi cha Pentekoste, amene ankalowetsa manambala m'kompyuta m'malo mwa kampani inanso yakutali.

Ba Evaristo sanauzidwe kumene mwana wawo ankagwira nchito. Ba Mainess ndiwo analetsa.

"Bakamvela kuti ku fakitale kuyaka laiti, bazafuna kukwawa," anatero. "Osabauza."

Ireen anatuluka mdima utagwa, atavala majuzi awiri. Anadutsa tumashopu ta makandulo, anawoloka njanji, analowa msewu umene phula lake linatha kalekale. Geti lalikulu linali ndi unyolo wake, wadzimbiri. Anthu a ba Cephas ankalowera pa kachitseko ka m'mbali, n'kukwera masitepe achitsulo akunja mpaka pamwamba. Tebulo la Ireen linali pa zenera. Akakweza maso ankaona geti, bwalo lomera udzu, ndi shedi yaikulu yopanda kanthu mkati.

"Muli shani, ba Ireen? Ba dala bali bwanji?" anafunsa ba Daliso osachotsa maso pa kompyuta.

"Bali chabe chimodzimodzi."

Anakhala pansi, anavala mahedifoni, anayamba. Mzungu wina ankafotokoza za mitengo ya katundu, wina ankatsokomola, wina ankaseka. Zala za Ireen zinkathamanga. Anagwira choncho mpaka agalu a ku Nangongwe anasiya kuuwa.

Ndiye anamva nsapato.

Zinali pansi pa mawu a azungu aja, patali. Nsapato zolemera, zambiri, zikuponda pa simenti mosafulumira. Ireen anavula mahedifoni. M'chipinda munali zii, kupatula makiyi a ba Daliso. Anabweza mawuwo kumbuyo pang'ono n'kumvetseranso malo omwewo. Nsapato zija munalibe.

Anadziuza kuti ndi tulo. Anamwa tiyi wa mu fulasiki, anapitiriza.

Patapita kanthawi anaima kuti awerenge zimene analemba. Pakati pa Chingerezi, pamene mzungu ankanena za phindu la chaka, panali mzere wa Chinyanja. *Mwana, atsegula liti?*

Anauyang'ana nthawi yaitali. Zala zake ndizo zinalemba, panalibe wina. Koma zala zake sizinkalemba chimene makutu sanamve. Anafufuta mzerewo msanga.

"Ba Daliso."

"Mm."

"Imwe mumamvelako vintu usiku muno?"

Makiyi anasiya kulira. Ba Daliso sanatembenuke.

"Ninayamba kumvela mwezi watha," anatero motsitsa mawu. "Nimapempela chabe. Ba Cephas ninabauza, banaseka, ati ni makoswe."

"Manje simunaniuze chifukwa chani?"

"Mukanachita chani? Mukanaleka nchito?" Apa ndi pamene anamuyang'ana, ndipo maso awo anali ofiira. "Ine nili na bana, ba Ireen. Nikachoka pano nizayenda kuti? Sebenzani chabe. Koma osayangana pa windo."

Ireen anamaliza nchito, anaitumiza, anabwerera kunyumba kutayera. Anapeza atate ake ali maso, akuyang'ana denga. Sanauze munthu chilichonse. Tsiku lonse anaganiza zosabwereranso, ndipo tsiku lonse yankho linali pamaso pake, botolo la mankhwala a atate limene linali pafupi kutha, ndi thumba la ufa limene linali litagona pansi.

Anabwerera. Usiku wina nsapato zinkamveka, usiku wina ayi. Nthawi zina ankamva fungo la girizi ndi chitsulo chotentha, m'nyumba imene munalibe makina zaka zonsezo. Anaphunzira kuwerenga nchito yake kawiri asanaitumize, chifukwa mizere ya Chinyanja inkabwerabe. *Tafika kale. Kuzizira kuno. Uzani abwana.* Ankaifufuta ngati munthu wopha nsikidzi. Anatembenuza mpando kuti zenera likhale kumbuyo kwake.

Kunyumba ba Evaristo anasintha. Anasiya kufunsa funso lawo. Ankangomutsata ndi maso akamavala majuzi. Madzulo ena, Ireen akuwapukuta manja, anamugwira mkono ndi dzanja lawo lamoyo, anaubweretsa pamphuno, n'kununkhiza juzi lake.

"Girizi," anatero.

"Ni utsi wa minibasi, atate."

Sanamusiye msanga.

Usiku umene anthu amakamba unali wa mwezi wowala. Nchito inali yambiri, msonkhano wautali wa anthu olankhula onse pamodzi. Pakati pa usiku magetsi anazima. Zimenezo sizinali zachilendo. Makompyuta anatsala akuyaka ndi mabatire a ba Cephas, ndipo nkhope za awiriwo zinaoneka zobiriwira mu mdimawo.

Kenako sayirini inalira.

Ireen anaidziwa nthawi yomweyo. Ali mwana inkamudzutsa, inkauza Kafue yense kuti shifiti yasintha. Ankadziwanso kuti sayiriniyo inazulidwa ndi kugulitsidwa kwa ogula zitsulo zakale iye ali ku sekondale. Koma inalira, pamwamba pa mitu yawo, mpaka magalasi a mazenera ananjenjemera. Itasiya, ba Daliso anali atagwada pansi, akupemphera ndi mawu osatuluka.

Ireen sanafune kuyang'ana. Khosi linatembenuka lokha.

Pa geti panali mzere wa amuna. Unayambira pa unyolo, unatsata mpanda, unakathera ku msewu. Onse anavala maovolosi. Ena ananyamula tizitini ta nshima m'khwapa, ena anaika manja m'matumba chifukwa cha mphepo. Palibe ankalankhula. Palibe ankakankha mnzake. Anangoima, nkhope zitaloza ku zenera loyaka.

Wachitatu kuchokera kutsogolo anali ba Oliver, amene ankakhala kuseri kwa nyumba yawo. Ireen anamudziwa ndi phewa lake lopendekeka. Pa maliro a ba Oliver iye ndiye anatunga madzi ophikira. Anaona ena amene ankabwera kudzasewera nsolo ndi atate ake, amene maina awo tsopano anali pa mitanda ku manda. Maso ake anatsika ndi mzerewo, akukana, akutsikabe.

Kumapeto kunaima ba Evaristo. Anaima ndi miyendo yonse iwiri, msana uli chilili, ovolosi ili ndi mizere ya simbi.

Ireen anagwira tebulo. Pamene anayang'ananso, kumapeto kwa mzere kunalibe munthu.

Masitepe achitsulo analira. Phazi limodzi, kenako lina. Munthu ankakwera mosathamanga, monga amakwerera wanchito woitanidwa ku ofesi. Anafika pamwamba. Anaima. Anagogoda ndi ulemu.

"Odi."

Mawuwo anali oyera, opanda chibwibwi cha sitiroko. Anali mawu amene ankamuitana kuti abwere kudzadya ali mwana.

"Ireen. Ndiwe uli mu ofesimo?"

Ba Daliso anamugwira mkono. "Osayankha," ananong'ona.

Koma ndani angakhale chete atate ake akumuitana pakhomo?

"Ndine, atate."

"Ndinadziwa. Ndinamva fungo." M'mawumo munali kunyada, ndipo kunyadako kunamupweteka Ireen kuposa mantha. "Mwana wanga mu ofesi ya pamwamba. Anzanga ndawauza. Tsegula, mama. Taona laiti. Uwauze abwana kuti tabwera, tonse tilipo."

"Atate, kuno kulibe bwana."

"Ofesi yopanda bwana?"

"Ni matebulo chabe. Aliyense asebenza yake. Fakitale sinatsegule, atate. Sizatsegula."

Mphepo inalowa pansi pa chitseko n'kumugwira akakolo.

"Nanga iwe ukugwirira ndani?"

Ireen anatsegula pakamwa. Anafuna kutchula dzina, nkhope, mzinda, chilichonse. Chimene anali nacho chinali adiresi ya pa intaneti.

"Sinibaziba, atate. Sininabaonepo."

Ba Evaristo anapuma mozama kuseri kwa chitseko.

"Ifenso sitinawaone," anatero.

Kenako mawu anatsika, anakhala a munthu wokalamba. "Kwazizira, Ireen. Tsegula ndingokhala pansi pang'ono. Miyendo yayamba kundikana."

Ireen anayenda kupita ku chitseko. Ba Daliso anaimirira n'kutsamira pa chitsekocho ndi msana wawo wonse, misozi ikutsika.

"Ba Ireen, atate banu sibayenda. Muziba imwe. Mumabasambika imwe."

"Nanga ngati ni beve? Nanga ngati bafika?"

"Bafika bwanji? Kuchoka ku Nangongwe, usiku, na miyendo iti? Mukatsegula, sibazangena beka."

Anali asanamalize pamene masitepe analiranso. Ulendo uno sanali munthu mmodzi. Chitsulo chinalira kuyambira pansi, sitepe ndi sitepe, mpaka masitepe onse anali kubuula ndi kulemera. Palibe anagogoda. Ankangomveka akupuma, anthu ambiri, pafupi, akudikira.

Dzanja la Ireen linali pa kiyi. Analisiya pamenepo nthawi yaitali. Kiyiyo inali yozizira ngati yochokera m'madzi.

Sanatsegule.

Anakhala pansi, mutu utatsamira chitseko. Kuseri kwake anamva nsalu ikukhuzika pa thabwa, ngati munthu amene nayenso akukhala pansi. Anakhala choncho, thabwa lokha pakati pawo.

"Atate," anaitana kamodzi.

"Ndili pano," anayankha, chapansipansi.

Anaitananso patapita nthawi. Sanayankhidwe.

Mabatire anatha, makompyuta anazima. Nchito ya usiku umenewo sinatumizidwe. Atambala atayamba kulira kutali, ba Daliso anasuzumira pa zenera n'kunena kuti pa geti palibe mzere. Anatsegula chitseko pang'onopang'ono. Pa masitepe panali mame okhaokha, osapondedwa.

Anapeza atate a Ireen pansi, kunja kwa geti lalikulu. Ba Evaristo anakhala chotsamira chitsulo, mutu uli pa unyolo, atavala ovolosi yawo, mabatani onse atamangidwa mpaka m'khosi. Miyendo inali yopindika monga inkakhalira pa matiresi. Analibe nsapato, ndipo kuphazi kwawo kunalibe fumbi ngakhale pang'ono. Thupi linali litazizira kale.

Amayi ena opita ku Chanyanya kukagula nsomba anaimitsa njinga zawo. Mmodzi anavula chitenge n'kuwafunda kumaso. Ireen sanalire. Anagwada n'kuyamba kuwatikita mapazi, monga ankachitira madzulo aliwonse, mpaka anthu anachita kumuchotsa.

Ba Mainess analumbira pamaso pa apolisi ndi pamaso pa abusa kuti chitseko cha nyumba anachipeza chokhoma mkati, mpiringidzo uli m'malo. Anagona chipinda chimodzi ndi amuna awo. Sanamve kanthu. Anadzuka n'kupeza bulangete lopindidwa bwino pa matiresi, ndi sutikesi ya ovolosi ili yotsegula pamwamba pa kabati, pamene ngakhale iwo sankafika popanda mpando.

Pa maliro anthu ananong'onezana. Ena anati alipo amene anawanyamula pa wilibala, koma palibe anatha kunena chifukwa chake. Ena anati ba Cephas anayatsa laiti pamalo osayenera kuyatsa, ndipo amene anauzidwa kuti adikire analiona. Mayi wina wachikulire anati akufa sanyamula munthu amene sakufuna kupita. Ireen anamva zonsezi ali pakati pa azimayi. Funso lake linali limodzi, ndipo analifunsa ba Daliso kuseri kwa tenti.

"Nikanatsegula, sembe bali moyo?"

Ba Daliso anayang'ana pansi. "Siniziba, ba Ireen. Nimafunsa Mulungu, sanayankhe."

Maliro atatha Ireen anabwerera ku tebulo lake, chifukwa amayi ake anafunikabe kudya. Analembera kampani ija kuti atate ake amwalira, n'chifukwa chake nchito inachedwa. Yankho silinabwere. Anayesa kulowa pamene ankatengera nchito, kompyuta inamukana. Anayesanso mawa lake, ndi mkuja. Inamukanabe. Panalibe geti loti akaimepo, panalibe ofesi yoti akagogode. Ankangokhala pa tebulo usiku wonse, mahedifoni ali kumutu, opanda kanthu koti alembe.

Nkhani ya mtembo wa pa geti inathamangitsa anthu a masana. Mvula isanayambe, ba Cephas anatsitsa mbale ija padenga, anakweza matebulo ndi makompyuta pa lole, n'kusamukira ku Lusaka. Ba Daliso anayamba kugulitsa matumba a makala pa msewu waukulu. Ireen anayesa kugulitsa tomato pakhomo. Anaonda. Anasiya kupita ku tchalitchi. Ankayankha anthu mochedwa, mutu utapendekera mbali imodzi.

M'mawa wina kusanache bwino, ba Mainess anafika kwa ba Daliso opanda mpango kumutu. Ireen sanali pa mphasa yake. Aka sikanali koyamba, anatero, koma masiku ena ankabwera yekha dzuwa lisanatuluke.

Ba Daliso sanafunse kumene angayambire. Anavala jekete, anawoloka njanji, analowa pa kachitseko ka m'mbali. Anakwera masitepe akutchula dzina la Yesu pa sitepe iliyonse. Chitseko cha pamwamba chinali chotsegula, chitatsekerezedwa ndi njerwa kuti mphepo isachitseke.

M'chipindamo munalibe kanthu, koma fumbi ndi zingwe zoduka zolendewera pakhoma. Ireen anakhala pansi pafupi ndi zenera, miyendo atatambasula. Maso anali otseka. Zala zake zinkathamanga pa maondo, zonse khumi, mwaluso, zikuima pang'ono, n'kuyambanso.

"Ba Ireen," anaitana ba Daliso ali pakhomo. "Tiyeni kunyumba. Amai bakufunani."

Ireen sanatsegule maso. Anakweza dzanja limodzi kuwaletsa, linalo likulembabe.

"Yembekezani, ba Daliso," anatero. "Bakali kukamba. Ni bambili, ndipo palibe anabamvelapo."